Kasanjidwe ka Ntchito za Masika pa Munda wa Fodya ndi Ziweto

Mvula ikangodukiza kumapeto kwa Epulo, mlimi wa fodya wa bale amene amawetanso mbuzi, nkhumba, nkhuku kapena ng'ombe ziwiri za pangolo amalowa m'nyengo yothina kuposa ina iliyonse pa chaka. M'madera a Kasungu, Dowa, Mchinji, Ntchisi ndi Lilongwe, masabata a pakati pa mapeto a Epulo ndi pakati pa Juni ndi amene fodya amafunika kutsitsidwa m'chigafa, kusankhidwa ndi kudindidwa, pamene chimanga chauma m'munda, mtedza wakhwima, soya wayamba kuthetheka, ndipo udzu umene ziweto zidzadye mu Okutobala ukutha mphamvu tsiku ndi tsiku. Manja ogwira ntchito ndi omwe aja, ndipo masiku ayamba kufupika. Chimene chimachitika m'makomo ambiri n'chakuti banja lonse limathera m'chigafa, popeza fodya ndiye ali ndi ndalama yooneka, ndipo ziweto zimadzakumbukiridwa mu Seputembala nthiti zitayamba kale kuwerengeka. Malangizo otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi: ntchito yoyamba ikhale imene iwonongeke msanga mukaichedwetsa, osati imene ikuoneka kuti ibweretsa ndalama msanga, ndipo ntchito iliyonse igwiridwe pa maola amene akuiyenera.

Choyamba: yendani munda wonse, kenaka gawani tsiku

Musanagwire chilichonse, patulani m'mawa umodzi woyendera munda, chigafa, makola ndi dambo muli ndi kope m'manja. Sendani zitsononkho zingapo za chimanga m'mbali zosiyana za munda kuti muone ngati chauma komanso ngati chiswe kapena anankafumbwe ayamba kale. Zulani phando limodzi la mtedza, muswe makoko angapo. Ngati mkati mwa makoko ambiri mwayamba kuda, mtedzawo wakhwima ndipo sudikira. Gwedezani soya, akamalira m'makoko ndiye kuti masiku ake atha. M'chigafa werengani mikangala (timitengo topachikapo fodya) imene fodya wake wauma ndi imene sanaume. Kukhola gwirani msana wa mbuzi ndi ng'ombe iliyonse, chifukwa ubweya umabisa kuonda. Zimene mwaona zilembedwe, ndipo pambali pa chilichonse mulembe masiku amene chingadikire chisanawonongeke.

Mukatero gawani tsiku motsatira chinyezi. Kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litakwera pang'ono, mpweya umakhala ndi mame ndipo fodya amakhala wofewa, choncho imeneyi ndiyo nthawi yomutsitsa ndi kumusuntha. Ndi nthawi yomweyonso imene soya amadulika osathetheka, ndiye m'masiku ochepa amene soya akudulidwa, anthu agawikane. Masana, pamene tsamba la fodya likuphwanyika likangokhudzidwa, ndi oyenera kukumba mtedza, kudula chimanga, kumweta udzu, kapena kukhala pansi n'kumasankha fodya amene munamufunditsa m'mawa. Madzulo ndi a ziweto. Pakhale munthu mmodzi wamkulu amene ziweto ndi udindo wake weniweni, pakuti ntchito ya aliyense imasanduka ya palibe, ndipo nkhumba zimagona ndi ludzu aliyense akuganiza kuti mnzake wazimwetsa.

Chachiwiri: zulani ziputu za fodya

Tsamba lomaliza likangothyoledwa, mitengo ya fodya yotsala m'munda izulidwe ndi mizu yomwe. Ntchitoyi imaoneka ngati yosafulumira, n'chifukwa chake alimi ambiri amaisiya mpaka Ogasiti, koma ndi imodzi mwa zimene siziyenera kudikira. Chiputu chosiyidwa chimaphukanso, ndipo mphukirazo zimasunga nsabwe za fodya zimene zimafalitsa matenda opinimbiritsa mbewu, pomwe mizu yake imapitiriza kudyetsa tinyongolotsi totupitsa mizu m'nthaka chilimwe chonse. Nsabwe zochokera m'munda wosazulidwa ndi zimene zimadzatera pa nazale yanu ndi ya anzanu mu Seputembala. Alangizi a ARET, bungwe loona za kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, amalimbikira nkhaniyi chaka ndi chaka, ndipo ndi pa chifukwa chomveka. Zulani dothi lisanaume gwa, pamene khasu likulowa mosavuta, muyanike mizu padzuwa, kenaka muunjike ndi kutentha pamalo amodzi olambulidwa bwino.

Pali chifukwa china chokhudza ziweto. Mitengo ndi mphukira za fodya zili ndi poizoni, ndipo nkhumba yabere ikamadya mitengo ya fodya imatha kubereka ana opindika miyendo. Musataye ziputu pafupi ndi khola, ndipo musazigwiritse ntchito ngati zoyala pogona ziweto.

Chachitatu: tchingani chigafa ndi malo osankhira

Fodya ndi ziweto zisakumane. Nkhuku zimakonda kufukula ndi kuikira mazira pa mulu wa fodya chifukwa ndi wofunda, mbuzi zimathawira m'chigafa kukazizira, ndipo nthenga imodzi, ubweya kapena chitosi chopezeka m'belo ndi chokwanira kuti belolo libwezedwe kumsika. Ogula amadana kwambiri ndi zinthu zosakhala fodya, makamaka timaulusi ta pulasitiki tochokera ku matumba a feteleza, chifukwa timeneti sitioneka msanga ndipo timakalowa m'makina kufakitale. Choncho zungulizani chigafa ndi mpanda wa udzu kapena wa minga, sesani pansi, yalani mphasa kapena ziguduli zoyera, ndipo thumba lililonse la pulasitiki, lamba wa tayala, pepala la shuga ndi chingwe cha nayiloni zichotsedwe pamalopo. Palafini, dizilo, sopo, mankhwala ophera tizilombo ndi feteleza zisasungidwe chipinda chimodzi ndi fodya, pakuti tsamba louma limayamwa fungo ndipo silibweza.

Malo osankhira akhale ndi kuwala kokwanira kochokera m'mbali koma dzuwa lisawombe pa tsamba mwachindunji, chifukwa padzuwa mtundu wa fodya umanamiza maso ndipo tsamba limauma muli nalo m'manja. Kusankha usiku ndi tochi kumaoneka ngati kupulumutsa nthawi, koma fodya wobiriwira ndi wachikasu amaoneka ofanana pa kuwala kotere, ndipo cholakwacho chimadzaoneka pa mtengo.

Chachinayi: kutsitsa ndi kuunjika fodya

Musatsitse mkangala musanayese mtsempha waukulu wa pakati pa tsamba, makamaka kutsinde kumene umakhala wonenepa. Masana kukatentha, upindeni. Ukathyoka ndi kaphokoso ndiye kuti wauma, koma ukangopindika ngati chingwe, fodyayo abwerere m'mwamba. Mtsempha wosauma ndiwo umayambitsa nkhungu pakati pa mulu, ndipo masamba ochepa otere amawoletsa anzawo ambiri. Fodya wothyoledwa komaliza, wa kunsonga, ndiye amachedwa kuuma chifukwa ndi wokhuthala komanso amauma nyengo itayamba kuzizira. Mupatseni mpata potalikitsa mikangala pamene malo ayamba kupezeka m'chigafa.

Fodya wouma atsitsidwe m'mawa atafewa ndi mame. Kuti mudziwe ngati wafewa moyenera, fumbatani masamba angapo m'dzanja kenaka mutambasule. Akaphwanyika, ndi wouma kwambiri ndipo mungotaya kulemera kwake m'zinyenyeswa. Akakhala chifumbatire osatambasuka, kapena akamamveka kuzizira ndi kunyowa, chinyezi chachuluka, ndipo muyenera kudikira kuti dzuwa likwere pang'ono. Woyenera ndi amene amatambasuka yekha pang'onopang'ono osang'ambika. Pofika mu Juni mpweya umauma ndipo mame amachepa, moti m'mawa wina fodya safewa n'komwe. Apa ndi pamene ena amatenga madzi m'kamwa kapena m'tsache n'kumawaza pa tsamba. Musachite zimenezo. Madzi owazidwa amasiya mawanga, amadetsa mtundu, ndipo amabweretsa nkhungu belo likadindidwa. Ngati pafunika kuthandizira, thirani madzi pansi pa chigafa madzulo n'kutchinga mbali yochokera mphepo, kuti chinyezi chikwere chokha usiku. Ichi ndi chifukwa chachikulu choyenera kutsitsira fodya yense wouma mu Meyi, ngakhale musanakonzeke kumusankha: fodya amene ali pa mulu wofundidwa amasunga kufewa kwake, pomwe wotsala m'mwamba amauma mopitirira, amatha mtundu, ndipo mphepo ya mwera imamuphwanya.

Mulu umangidwe pa thandala lokwera pang'ono kuchoka pansi, matsinde a masamba ataloza kunja, nsonga zili mkati, ndipo ufunditsidwe ndi ziguduli kapena mphasa. Fodya wa kuthyola kulikonse akhale ndi mulu wake, chifukwa masamba a pansi, a pakati ndi a kunsonga akasakanikirana pano, ntchito yosankha imawirikiza. Masiku awiri kapena atatu alionse pisani dzanja mpaka pakati pa mulu. Mukamva kutentha, kapena fungo lowawasa m'malo mwa fungo lokoma la fodya wokhwima, phwasulani mulu tsiku lomwelo, muuluze masamba pamthunzi, muumangenso. M'madera amene chiperoni chimafika, masiku a nkhungu ndi mvula yowaza ndi ofunika kupisa dzanja tsiku lililonse.

Chachisanu: pulumutsani soya, mtedza ndi chimanga

Fodya akakhala pa mulu wabwino amatha kudikira masabata angapo, ndipo mpata umenewu ndi umene muyenera kuugwiritsa ntchito kumunda. Soya ayambe, popeza akachedwa sabata imodzi yadzuwa, gawo lina limathera pansi. Mtedza utsatire. Ukumbidwe dothi likadali ndi kachinyezi kuti makoko asatsalire m'nthaka, ndipo uyanikidwe makoko asakugunda dothi, kaya pogadamitsa mapando kapena pouunjika m'milu yokhala ndi mpata wa mpweya pakati. Mtedza wochedwa kukumbidwa, wobooledwa ndi chiswe kapena wouma pa dothi lonyowa ndiwo umagwidwa chuku. Pothothola musamale masangwi, chifukwa ndi chakudya chabwino kuposa china chilichonse chimene mungasungire mbuzi ndi ng'ombe pa munda wanu.

Chimanga chimapirira kuposa ziwirizi, makamaka chikadulidwa n'kuimikidwa m'mikukwe, koma chisakhalitse kumunda, chifukwa chiswe, mbewa, akuba ndi anankafumbwe onse amayambira komweko. Mukakolola, sankhani zitsononkho zowola n'kuzipatula, muyanike zabwino pa mphasa kapena pa lona mpaka njere ikamathetheka poiluma. Njira ina yoyesera ndi kuika njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga sichinaume. Chouma bwino chitonoledwe n'kusungidwa m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, kapena chithiridwe mankhwala motsatira muyeso wolembedwa pa botolo. Chimanga chowola chija musachipereke kwa nkhumba, nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka poganiza kuti chiweto sichisankha. Chuku chimapinimbiritsa ndi kupha ziweto, ndipo poizoni wake amadutsa mpaka mumkaka umene ana anu amamwa.

Chachisanu ndi chimodzi: sungani chakudya cha ziweto mudzi usanamasule ziweto

Apa ndi pamene alimi ambiri a fodya amagwa, ndipo ndi pofunika kuchedwapo. M'midzi yambiri, anthu akamaliza kukolola, mfumu imalola kuti ziweto zimasulidwe zizidya paliponse. Kuyambira tsiku limenelo, mapesi ndi masangwi otsala m'munda mwanu si anunso. Ng'ombe za mudzi wonse zimadya zina, zina n'kupondaponda, ndipo zotsala zimapsa ndi moto wa osaka mbewa. Funsani msanga kwa a mfumu kuti ziweto zidzamasulidwa liti, ndipo tsiku limenelo likhale malire a ntchito yotuta chakudya.

Werengani zimene mukufuna musanayambe kututa. Ng'ombe yachikuda yolemera makilogalamu 250 imadya chakudya chouma chokwana makilogalamu 6 kapena 7 pa tsiku, ndipo mbuzi yaikulu imadya pafupifupi kilogalamu imodzi. Kuchokera mu Julayi mpaka msipu utamera bwino kumapeto kwa Novembala pali masiku pafupifupi 150, kutanthauza kuti ng'ombe imodzi imafuna chakudya chokwana pafupifupi tani imodzi. Ngakhale itapeza theka la chakudyacho kudambo, theka linalo, makilogalamu 500, liyenera kuchokera pa thandala lanu, ndipo pa ng'ombe ziwiri za pangolo ndi mbuzi zisanu mukuona nokha kuti mitolo iwiri yoponyedwa pa denga la khola siingakwanire. Kumbukirani kuti ng'ombe zomwezi ndi zimene mudzafune kuti zitute manyowa ndi kulima mu Okutobala ndi Novembala, nthawi imene zimakhala zofooka kwambiri ngati sizinadye.

Masangwi a mtedza atutidwe m'mawa kapena madzulo, pamene masamba sakuyoyoka, chifukwa mphamvu yake ili m'masambamo. Otutidwa masana amafika kunyumba ali timitengo tokhatokha. Mapesi a chimanga atutidwe akangokololedwa, asanayere ndi dzuwa. Makoko a soya ndi a nyemba otsala popuntha asatenthedwe, alowe m'matumba. Udzu wa m'dambo ndi m'malire a munda umwetedwe ukadali wobiriwira, uyanikidwe masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza, ndipo usungidwe usanayere. Udzu womwetedwa mu Julayi utauma kale chiimire umangodzaza mimba. Ngati muli ndi mitengo ya lukina kapena gliricidia, sadzani nthambi, muyanike masamba pamthunzi, musunge m'matumba kuti muzidzasakaniza pang'ono ndi mapesi. Madeya onse ochokera kuchigayo ayanikidwe bwino asanasungidwe, chifukwa a chinyezi amachita nkhungu m'masiku ochepa.

Zonsezi zikhale pa thandala lokwera, lofoleredwa, lotchingidwa kuti mbuzi zisafikire. Chigafa chimene fodya watsitsidwamo chimathandiza kwambiri pa ntchito imeneyi, bola musese zinyenyeswa zonse za fodya kaye. Musatute mapesi onse m'munda. Siyani ena m'mizere kuti aphimbe nthaka, makamaka pamalo otsetsereka. Ndipo musayambe kudyetsa chakudya chosungidwachi mu Juni pamene kutchire kukadali zodya. Masangwi asungidwire miyezi yovuta ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, ndipo zoyamba kupatsidwa zikhale mbuzi zabere, zoyamwitsa ndi ng'ombe zogwira ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri: kusankha ndi kumanga ndindi

Kusankha ndi ntchito yodya masiku ambiri kuposa zonse, ndipo ndi imene imaika mtengo pa thukuta la chaka chonse. Tengani pa mulu fodya wokwanira maola ochepa okha, wotsalayo akhale chifundire. Yambani ndi fodya wa kuthyola kumodzi, ndipo tsamba lililonse muliyang'ane zinthu zitatu motsatana: mtundu, kutalika, ndi kukongola kwake, kutanthauza ngati ndi lathunthu, long'ambika kapena lamawanga. Masamba a pansi amakhala opyapyala ndi owala, a pakati amakhala aatali ndi otambasuka, a kunsonga amakhala okhuthala, aafupi ndi ofiirira kwambiri. Lobiriwira, lankhungu, lakuda chifukwa chothinana m'chigafa ndi lopsa ndi dzuwa lipite pambali nthawi yomweyo. Mlimi wa ekala imodzi kapena ziwiri asachulutse magiredi mpaka kusowa fodya wodzaza belo. Ndi bwino kukhala ndi magiredi ochepa oyera kusiyana ndi ambiri osakwana, ndipo m'kalabu mungathe kugwirizana kasankhidwe kamodzi kuti zotsala za anthu angapo zidzaze belo limodzi lofanana.

Ndindi, kamtolo ka fodya wosankhidwa, imangidwe ndi masamba ofanana mtundu ndi kutalika, matsinde atalingana, ndipo chomangira chikhale tsamba la giredi yomweyo. Ulusi umene munasokera fodya uchotsedwe wonse. Ngati muli pa mgwirizano ndi kampani, funsani mlangizi wake za kamangidwe ndi kadindidwe kamene akufuna musanamange ndindi zambiri, popeza makampani amasiyana pa zimenezi. Osankha akhale anthu omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa maso a anthu amasiyana, ndipo waganyu wolipidwa potengera kuchuluka kwa ndindi amathamangira chiwerengero. Ndi bwino kumulipira pa tsiku n'kumakhala naye pafupi.

Ana asalowe m'ntchito imeneyi. Fumbi la fodya limawononga chifuwa, chikonga chimalowa pakhungu, ndipo ino ndi teremu yachitatu pamene mwana akufunika kusukulu. Malamulo a dziko lino amaletsa kugwiritsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo pachiswe, ndipo mu Novembala 2019 dziko la America linaika chiletso pa fodya wochokera ku Malawi chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito, zimene zinapweteka ngakhale alimi osalakwa. Akuluakulu omwe azisankhira pamalo opita mphepo, atavala kansalu kumphuno, ndipo azisamba m'manja asanadye. Mayi woyembekezera apatsidwe ntchito ina.

Chachisanu ndi chitatu: kudinda ndi kutumiza kumsika

Jeke, chipangizo chodindira mabelo, nthawi zambiri imakhala imodzi pa kalabu kapena yobwereka, choncho lembetsani tsiku lanu msanga ndipo mudinde pamene muli ndi fodya wosankhidwa wokwana mabelo angapo. Belo limodzi likhale la giredi imodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kubisa fodya woipa, zinyenyeswa kapena chinthu cholemera pakati pa belo ndi chinyengo chimene chimagwidwa, chifukwa kumsika belo limatsegulidwa ndipo ndindi zimasololedwa mkati. Chotsatira chake ndi kubwezedwa, kulipira kuti lisankhidwenso, ndi kuipitsa nambala ya kalabu yonse. Yalani ndindi mosanjikiza bwino, matsinde ataloza kumbali za bokosi, ndipo musapanikize mopitirira mpaka tsamba kuda ndi kumatana. Yesani belo pa sikelo kuti lisapitirire kulemera kumene msika umalola, mulembe kulemerako m'kope lanu, musoke chiguduli ndi ulusi wovomerezeka wosakhala wa pulasitiki, ndipo nambala yanu ilembedwe mooneka. Mabelo odikira galimoto akhale pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma. Ngati mukuwanyamula pa ngolo kupita kudepoti, ngoloyo itsukidwe ndi kuuma kaye, makamaka ngati inatutako manyowa.

Misika ya AHL, kampani yoyendetsa misika ya fodya, ili ku Kanengo mu Lilongwe, ku Chinkhoma m'boma la Kasungu, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo kawirikawiri imatsegulidwa mu Epulo. Kaya mukugulitsa pa okushoni kapena pa mgwirizano, sungani chikalata chilichonse chimene wonyamula katundu wakupatsani, ndipo pepala la malonda likabwera muliwerenge mzere ndi mzere: kulemera kwa belo lililonse, mtengo wake pa kilogalamu m'madola a ku America, ndi zonse zimene zadulidwa, monga ngongole ya zipangizo, mayendedwe, ziguduli ndi misonkho. Mavenda amafika pakhomo m'masabata omwewa, pamene ndalama ya kumsika ikuchedwa ndipo waganyu akufuna malipiro ake. Kugulitsa kwa iwo n'kosemphana ndi malamulo a fodya, ndipo mtengo wawo ndi wongolanda. Ngati pakufunikadi ndalama yamsanga, kugulitsa tonde mmodzi kapena atambala angapo kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kutaya fodya wa pakati pa mtengo wa zinyenyeswa. Imeneyi ndi ina mwa ntchito zimene ziweto zimagwira pa munda wa fodya.

Chachisanu ndi chinayi: thanzi la ziweto chisanu chisanakhwime

Kumapeto kwa mvula ziweto zimakhala zitatola njoka zambiri za m'mimba, ndipo zikalowa nazo m'chilimwe zimaonda ngakhale zikudya. Itanani mlangizi wa ziweto kuti mbuzi ndi ng'ombe zimwe mankhwala a njoka mu Meyi, pa muyeso wogwirizana ndi kulemera kwa chiweto, ndipo mumuuze zimene zili ndi bere komanso ngati zimadya kudambo kumene kumakhala tizilombo ta m'chiwindi. Pitirizani kuteteza ng'ombe ku nkhupakupa, mukuyang'ana m'makutu, pansi pa mchira ndi kumawere. Ng'ombe za pangolo zikugwira ntchito yaikulu m'nyengo ino, choncho zizikoka m'mawa ndi madzulo, zipume masana, zimwe madzi okwanira, ndipo pakhosi pamene goli limakhala pazionedwa tsiku lililonse kuti kachilonda kasakule. Khola la mbuzi litchingidwe mbali yochokera mphepo, chifukwa ana a mbuzi amafa ndi chibayo m'mausiku ozizira a Juni ndi Julayi, ndipo ana a nkhumba ayalidwire udzu wouma wambiri.

Nkhuku zilandire katemera wa chitopa zikadali zathanzi. Katemera wa I-2 ndi wa dontho limodzi m'diso, amaperekedwa kwa nkhuku za misinkhu yonse, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse; kudikira mpaka nkhuku za oyandikana nawo zitayamba kusinza ndi kuchedwa. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala ochiza, ndipo nyengo ya ndalama za fodya ndi imene nyama ya nkhumba imayenda kwambiri m'misika ndi m'midzi. Nkhumba zikhale m'khola ngakhale mudzi utamasula ziweto, ogula asalowe m'khola kukasankha okha, ndipo zotsala za nyama yogula kwina zisafike kwa nkhumba zanu. Chiweto chilichonse chatsopano chimene mwagula ndi ndalama ya fodya chikhale pachokha masabata angapo chisanasakanizidwe ndi zinzake.

Chakhumi: moto, manyowa ndi kukonzekera chaka chamawa

Udzu usanaumiretu, lambulani mozungulira chigafa, nkhokwe, thandala la chakudya cha ziweto ndi nkhalango yanu ya mitengo, mpata wake ukhale wa mamita angapo. Mwetani udzu wofolera ndi wophimbira nazale mu Juni moto usanadutse, muumange m'mitolo n'kuuimika pamalo okwera. Milimo ya chigafa imene yadyedwa ndi chiswe idziwike tsopano, ndipo mikangala isonkhanitsidwe n'kusungidwa pamthunzi kuti isathere kukhitchini ngati nkhuni. Amene anabzala chigafa chamoyo, cha mitengo yomera ngati nsanamira, asadze nthambi zake kuti zipereke mikangala ina.

Tapani ndowe m'makola pamene ziweto zikuyamba kugona pouma, muzisanjikize ndi zinyalala za mbewu, masamba aawisi ndi phulusa pang'ono m'dzenje kapena pa mulu womata ndi dothi, mukuthirira madzi kuti zinyowe koma zisachite chithaphwi. Manyowa oyambidwa mu Juni amakhala atapsa pofika nthawi yokonza mizere. Zotsala za fodya zisalowemo.

Munda wa fodya wa chaka chamawa usankhidwe tsopano, ndipo usakhale umene mwangochotsamo fodya, tomato, mbatatesi kapena mabiringanya, popeza mbewu zimenezi zimagwidwa ndi matenda ofanana. Ngati malo alola, fodya abwerere pa munda womwewo patatha zaka zitatu kapena zinayi. Ugalauzeni dothi likadali ndi chinyezi ndiponso ng'ombe zikadali ndi mphamvu, kuti zinyalala ziwolerane. Malo a nazale akhale pafupi ndi madzi amene mukudziwa kuti saphwa mu Okutobala, pamalo amene sipanakhale nazale ya fodya posachedwa, ndipo atchingidwe ndi mpanda musanafese chifukwa nthawi imeneyo mbuzi ndi nkhuku zimakhala zikuyenda momasuka. Ndalama ya mabelo oyamba ikangolowa, patulani ya mbewu yovomerezeka, ya feteleza, ya katemera ndi mankhwala a ziweto, ndi yolembetsera layisensi ku Tobacco Commission, bungwe la boma loyang'anira za fodya, ndipo kota (kuchuluka kwa fodya amene mumaloledwa kulima) imene mukapemphe igwirizane ndi kukula kwa chigafa chanu komanso chiwerengero cha anthu akuluakulu amene adzakhalepo posankha fodya mu Meyi wa chaka chamawa.